Mutu 6: Khola, Munda ndi Boma

Mawu oyamba

M'mutu wapitawu tidaona mmene nthaka imagugira ndi mmene madzi amaikokololera. Tsopano tituluke m'munda tilowe m'khola, chifukwa ambiri mwa ophunzira anu amachokera m'mabanja amene ali ndi nkhuku, mbuzi, nkhumba, abulu kapena ng'ombe. Ena amafika m'kalasi atatsekulira kale ziweto. Ena amajomba chifukwa ndi tsiku lawo lokadyetsa ng'ombe kudambo.

Tikambirana za ndondomeko za boma pa kasamalidwe ka ziweto ndi pa ulimi wokhazikika. Tikati ndondomeko ya boma, tikutanthauza mfundo zimene boma lasankha kutsata pa nkhani inayake, pamodzi ndi malamulo, antchito ndi ndalama zoyendetsera mfundozo. Tikati ulimi wokhazikika, tikutanthauza kulima kosagugitsa nthaka, kwakuti ana athu adzapeze munda ukubalabe. Kumaofesi nkhani ziwirizi zimakhala m'mafayilo osiyana, koma pakhomo pa mlimi ndi nkhani imodzi: chiweto chosamalidwa bwino ndicho chimadyetsa munda, ndipo munda ndiwo umadyetsa chiweto. Mfundo imeneyi muisunge mpaka kumapeto.

Zolinga

Mukamaliza mutu uno muthe:

• kufotokoza mfundo zisanu za kasamalidwe kabwino ka ziweto;
• kusonyeza mmene thanzi la chiweto limakhudzira chonde cha m'munda;
• kutchula njira zitatu zimene boma limagwiritsa ntchito pa nkhaniyi, ndi zitsanzo za m'chigawo chathu;
• kukonza phunziro lothandiza ophunzira kuunika zimene zikuchitika m'dera lawo.

Patulani maola atatu a mutu uno, ndipo mukhale ndi kope lolembamo mayankho.

6.1 Chithunzi cha ngolo

Ndisanalowe m'malamulo, ndikuuzeni zimene ndidakumana nazo ndikuphunzitsa sukulu ya kwacha. Paja m'sukulu za akuluakulu timayamba ndi chithunzi, anthu n'kukambirana, kenako n'kutengapo mawu oti aphunzire kuwerenga. Tsiku limenelo mawu athu adali "ngolo". Pachithunzipo padali ngolo yodzadza ndi njerwa, ng'ombe ziwiri zoonekera nthiti, ina ili ndi bala pakhosi pamene pamakhala goli, ndi mnyamata atakweza chikwapu.

Nditafunsa ngati akuonapo vuto, bambo wina wachikulire adati, "Aphunzitsi, mwayamba kumvera chisoni ng'ombe ife tikugona ndi njala? Ng'ombetu si munthu." Anthu adaseka. Koma mayi wina amene sankakonda kuyankhula adati, "Bambo, musaseke. Yathu idagwa m'munda chaka chatha mvula yoyamba itangogwa. Mwezi wonse wa Okutobala inkakoka njerwa za eni, kudya kwake mapesi ouma basi. Tidadikira ng'ombe za achimwene mpaka Khirisimasi. Chimanga chathu chidatha mu Ogasiti."

Kalasi idangoti zii. Bambo aja adanena zoona kuti ng'ombe si munthu. Komatu njala imene ankadandaula ija, kwa mayi aja idayambira pakhosi pa ng'ombe. Funso la bambo aja mudzalimva kwa makolo ndi kwa ophunzira omwe, choncho ndi bwino mukonzekere yankho.

6.2 Kusamalira chiweto n'kutani?

Makolo athu ankadziwa kale kuti chiweto chimamva ululu, njala ndi mantha. Mbusa wozunza ng'ombe ankadzudzulidwa pamudzi. Koma mfundo zimene maboma ambiri amatsata polemba ndondomeko zawo zidachokera ku Britain. M'chaka cha 1964, mayi wina wa kumeneko, Ruth Harrison, adalemba buku lotchedwa Animal Machines loulula mmene nkhuku, nkhumba ndi ana a ng'ombe zinkapanikizidwira m'makola a mafamu akuluakulu. Anthu adakhumudwa, ndipo boma lidakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Pulofesa Roger Brambell imene idatulutsa lipoti lake mu 1965. Pofika 1979 maganizo a lipotilo adasanjidwa kukhala mfundo zisanu zimene zimatchedwa maufulu asanu a nyama. Nazi mfundozo m'mawu athu:

1. Chiweto chisazunzike ndi njala kapena ludzu.
2. Chikhale ndi pogona pabwino, pouma, pamthunzi.
3. Chitetezedwe ku ululu, mabala ndi matenda, ndipo chikadwala chithandizidwe msanga.
4. Chikhale ndi mpata wochita zimene chibadwa chake chimafuna, monga nkhuku kupalasa ndi nkhumba kufukula.
5. Chisakhale mwamantha chifukwa cha nkhanza.

Taonani kuti palibe mfundo yoletsa kudya nyama kapena kulimitsa ng'ombe. Mfundozi zikunena za mmene chiwetocho chikhalire chili moyo, mmene chinyamulidwire popita kumsika, ndi mmene chiphedwere mosachizunza.

Bungwe loona za umoyo wa nyama padziko lonse, limene lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1924 ndipo kuyambira 2022 limadziwika kuti WOAH, lidavomereza miyezo yake yoyamba ya kasamalidwe ka nyama mu 2005. Maiko a m'chigawo chathu ndi mamembala a bungweli. Kodi zonsezi ndi za anthu okhuta a ku Ulaya? Werenganinso mfundo zisanuzo mukuganizira ng'ombe ya mayi aja. Mupeza kuti zitatu zoyambirira zikadatsatidwa, banja lija likadabzala pa nthawi yake.

6.3 Mmene khola limadyetsera munda

Pali njira zitatu zikuluzikulu zimene chiweto chimathandizira munda.

Yoyamba ndi mphamvu. Kumadera kumene amalimira ng'ombe, monga kummwera ndi kummawa kwa Zambia, ku Zimbabwe, ndi ku Mzimba m'Malawi, ntchito yaikulu imafika mvula yoyamba ikagwa. Tsoka lake, imeneyi ndi nthawi yomwe ng'ombe zimakhala zofooka kwambiri chifukwa zapyola m'chilimwe udzu utauma kapena utapsa ndi moto. Ng'ombe yowonda imalima pang'ono n'kugona. Mlimi amabzala mochedwa, ndipo chimanga chobzalidwa mochedwa sichibereka ngati chobzalidwa ndi mvula yoyamba. N'chifukwa chake alangizi amati tisunge mapesi, zotsalira za mtedza ndi madeya zoti ng'ombe zolima zidye mu Seputembala ndi Okutobala, tizilimitse m'mawa kukuzizira kwa maola ochepa, ndipo goli likhale losalala kuti lisatupule khungu.

Yachiwiri ndi manyowa. Chakudya chachikulu chimene chimanga chimafuna m'nthaka ndi nayitirojeni. Thumba la feteleza wa yuriya la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Manyowa ouma a ng'ombe amakhala ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilogalamu 100 alionse, ndipo a m'khola losasamalidwa amachepera pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti gawo lalikulu la nayitirojeni limatuluka mu mkodzo. M'khola lopanda denga ndi lopanda zoyala pansi, mkodzo umalowa pansi kapena kuuluka ndi dzuwa, ndipo mvula imatsuka ndowe. Khola lomwelo ndi limene ng'ombe zimagona zitaimirira m'matope ofika m'mawondo mu Febuluwale, ziboda n'kumaola. Mukafolera mbali ina ya khola ndi kuyala udzu kapena mapesi pansi, ng'ombe imagona pouma ndipo zoyalazo zimamwa mkodzo n'kusanduka manyowa amphamvu. Mwaonatu, ntchito imodzi yathandiza chiweto ndi munda womwe. Chimodzimodzi khola la mbuzi lam'mwamba: mbuzi zimagona pouma, njoka zam'mimba zimachepa, ndipo ndowe zimagwera pansi pomwe mlimi angazikokolole mosavuta.

Tisanamizane, manyowa okha sangalowe m'malo mwa feteleza yense pamunda waukulu. Ubwino wake ndi wakuti amafewetsa nthaka, amaithandiza kusunga chinyezi, ndipo feteleza wochepa amagwira bwino ntchito m'nthaka yamanyowa kusiyana ndi m'nthaka yoguga.

Yachitatu ndi ndalama. Mbuzi ndi nkhuku ndiye banki ya kumudzi. Mbewu, feteleza, fizi ndi yunifolomu zimachokera m'khola. Matenda akasesa khola mu Okutobala, munda wa chaka chimenecho wavulala usanalimidwe n'komwe.

Ntchito 1

Tiyerekeze kuti mlimi wina ali ndi khola lofolera ndipo manyowa ake ali ndi kilogalamu imodzi ya nayitirojeni pa makilogalamu 100 alionse. Mnzake ali ndi khola lapamtetete ndipo manyowa ake ali ndi theka la kilogalamu pa makilogalamu 100. Aliyense afunika manyowa ochuluka bwanji kuti afanane ndi thumba limodzi la yuriya? Yankho lili kumapeto kwa mutu uno.

6.4 Njira zitatu za boma

Boma likafuna kuti chinthu chisinthe pakati pa alimi limagwiritsa ntchito lamulo, chithandizo ndi ndalama. Zili ngati mafuwa atatu: limodzi likasowa, mphika sukhazikika.

Lamulo

Pafupifupi dziko lililonse m'chigawo chathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza kwa nyama. Ku Malawi limatchedwa Protection of Animals Act ndipo lidayamba m'nthawi ya atsamunda. Limaletsa kumenya chiweto mwankhanza, kuchisenzetsa katundu woposa mphamvu zake, kuchinyamula mochizunza ndi kumenyanitsa nyama. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe lamulo lotere limatchedwa Prevention of Cruelty to Animals Act, ndipo ku South Africa kuli Animals Protection Act ya 1962. Dziko la Tanzania lidapita patsogolo mu 2008 polemba lamulo latsopano limene limavomereza kuti nyama zimamva ululu ndipo limatsata mfundo zisanu zija.

Nanga bwanji tsiku lamsika timakumanabe ndi nkhuku zozondotsedwa pa handulo ya njinga, kapena mbuzi yomangidwa miyendo yonse pa kaliyala dzuwa likuswa mtengo? Zifukwa zake n'zodziwika. Malamulowa adalembedwa m'Chingerezi ndipo anthu ambiri sadamvepo kuti alipo. Apolisi ndi alangizi ali ndi ntchito zina zambiri. Komanso wamalonda uja alibe njira ina yonyamulira. Mukamulipiritsa chindapusa osamusonyeza kapangidwe ka chitete chonyamulira nkhuku, mawa adzangodzera njira yachidule.

Mtundu wachiwiri wa malamulo ndi woletsa kufala kwa matenda. Ku Malawi ndi Control and Diseases of Animals Act. Malamulo otere ndi amene amafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo posamutsa ziweto, ndipo amapatsa boma mphamvu yotseka misika matenda akabuka. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amazidziwa bwino zimenezi chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'ziboda, amene njati zimasunga m'thupi osadwala. Chigodola cha nkhumba nacho chilibe mankhwala ochiza, ndipo chikalowa m'khola chimatha kupha nkhumba pafupifupi zonse. Chimafala kudzera m'nyama yodwala, m'zotsalira zakukhitchini ndi nkhufi zobisala m'ming'alu ya khola. Mlimi akaona nkhumba zayamba kufa n'kuthamangira kupha zotsala kuti akagulitse kumsika usiku, amapulumutsa kangachepe lero koma wagawira matenda mudzi wonse.

Chithandizo

Phunziro lalikulu pa nkhani ya chithandizo likuchokera ku dipi. Nkhupakupa zimafalitsa matenda oopsa a ng'ombe, monga chigodola. Ku Zimbabwe kusambitsa ng'ombe kudakhala lamulo kuyambira 1914, ndipo kwa zaka zambiri matendawa adachepa. M'zaka za m'ma 1970, nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, madipi ambiri akumidzi adasiya kugwira ntchito. Akatswiri a ziweto adawerengera kuti ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi zidafa m'zaka zochepa, zambiri ndi matenda a nkhupakupa. Kuyambira cha m'ma 2017 dzikolo lidatayanso ng'ombe zambirimbiri ndi matenda amene kumeneko amawatcha January disease, pamene mankhwala a dipi adasowa.

Ku Malawi ndi ku Zambia, m'zaka za m'ma 1990 maboma adachepetsa ntchito zaulere za ziweto pofuna kusunga ndalama. Madipi ambiri adasiyidwa m'manja mwa makomiti a alimi. Pena zidayenda, koma malo ambiri zopereka zidavuta ndipo madipi adauma. Alimi a kummwera kwa Zambia amakumbukira mmene denkete, matenda enanso a nkhupakupa, adapululira makola, mabanja olimira ng'ombe n'kubwerera ku khasu lamanja. Dipi ndi chinthu chofuna mudzi wonse. Inu mukasambitsa zanu koma mnansi wanu osasambitsa, nkhupakupa zikukudikirani kudambo komweko. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chitsanzo cholimbikitsa ndi cha chitopa, chimene ena amati chideru. Matendawa amatha kusesa nkhuku za mudzi wonse m'masabata awiri, makamaka nyengo yotentha. Akatemera akale ankafuna firiji kuyambira kufakitale mpaka kumudzi. Akatswiri a ku yunivesite ya Queensland ku Australia adapanga katemera wotchedwa I-2 amene amapirira kutentha kwa kanthawi. Maiko monga Mozambique, Tanzania ndi Malawi adayamba kumupanga okha m'malabotale a boma. Kaperekedwe kake n'kosavuta: kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, miyezi inayi iliyonse. Munthu wa m'mudzi momwemo amaphunzitsidwa, amanyamula botolo atalikulunga m'kansalu konyowa, ndipo eni nkhuku amamulipira kangachepe. Katemera amateteza nkhuku zamoyo bwino, sachiza zodwala kale, choncho amaperekedwa matenda asanafike. Apa boma lidagwira gawo lake, mudzi gawo lake, ndipo amene amapindula kwambiri ndi amayi ndi ana popeza nkhuku zambiri ndi zawo.

Ndalama

Mukafuna kudziwa chimene boma laika patsogolo, yang'anani bajeti. Mu 2003 ku Maputo, atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza kuika 10 peresenti ya bajeti zawo ku ulimi. Maiko ochepa okha ndi amene adafikapo, ndipo Malawi ndi limodzi mwa iwo. Koma funso ndi lakuti ndalamazo zidapita kuti. Zambia idayamba ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo mu 2002, Malawi idayamba ya makuponi mu 2005. M'maiko awiriwa, kwa zaka zambiri gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lidathera ku feteleza ndi chimanga. Zotsalira za alangizi a ziweto, katemera, mafuta a njinga zamoto ndi kukonza madipi zidali zochepa. Feteleza adathandiza mabanja ambiri kukolola, zimenezo sitingakane. Komabe nthaka yopanda manyowa imafuna feteleza wochulukirachulukira chaka ndi chaka. Pamsonkhano wa ku Nairobi mu Meyi 2024, atsogoleri a mu Africa adavomereza kuti nkhani ya feteleza iziyendera limodzi ndi thanzi la nthaka, kuphatikizapo manyowa.

Njira ina yoikira ndalama m'khola ndi yopatsirana ziweto, imene boma ndi mabungwe amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Banja limalandira mbuzi kapena ng'ombe yamkaka, ikaswa limapereka mwana kwa banja lina. Kumene zayenda bwino, banja limayamba lamanga khola, labzala nsenjere ndi kuphunzira kasamalidwe chiweto chisanafike. Kumene ziweto zidangogawidwa pamsonkhano anthu osakonzekera, zambiri zidafa kapena kugulitsidwa chaka chisanathe.

6.5 Pamene mfundo zabwino ziwombana

Musaganize kuti ndondomeko zonse zabwino zimagwirizana. Tione zitsanzo zitatu.

Choyamba ndi nkhondo ya mapesi. Ulimi wa mleranthaka, umene maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe akhala akulimbikitsa, uli ndi mfundo zitatu: kusatembenuza nthaka, kuiphimba ndi zotsalira za mbewu, ndi kasinthasintha wa mbewu. Mlangizi wa mbewu amati mapesi akhale m'munda. Mlangizi wa ziweto amati mapesi asungidwe kuti ng'ombe zidye m'chilimwe. Mwambo wa pamudzi umati anthu akakolola ziweto zitayiridwe paliponse. Onsewa ali ndi mfundo, koma mapesi ndi omwewo. Midzi ina idathetsa mkanganowu pokhala pansi ndi amfumu n'kugwirizana malo odyetsera ndi minda yoletsedwa, ndi kuletsa moto wolusa wa osaka mbewa. Njira yokhalitsa ndi kuchulukitsa chakudya cha ziweto: kubzala nsenjere m'milambala, lukina ndi gilirisidiya m'malire a munda, ndi kusunga mitengo ya nsangu. Nsangu ndi mtengo wodabwitsa. Umayoyola masamba nthawi yadzinja, choncho suphimba chimanga, masambawo amawonjezera chonde, ndipo zipatso zake ziweto zimadya m'chilimwe.

Chachiwiri chidachitika ku Botswana. Mu 1995 matenda opatsirana a m'mapapo a ng'ombe adabuka m'boma la Ngamiland, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo. Pofuna kuteteza ng'ombe za dziko lonse ndi msika wake wa nyama ku Ulaya, boma lidapha ng'ombe zonse za m'deralo, pafupifupi 320,000. Eni ake adalandira chipepeso ndipo pambuyo pake ena adapatsidwa ng'ombe zina. Matenda adatheratu. Koma ofufuza adapeza kuti m'zaka zotsatira kunyentchera kudakwera pakati pa ana osakwana zaka zisanu, popeza mkaka udasowa pakhomo. Kodi boma lidalakwa? Ambiri amati likadazengereza dziko lonse likadalira. Phunziro lake ndi lakuti poganiza za chiweto tiziwerengeranso mwana amene amamwa mkaka wake.

Chachitatu ndi cha abulu. Zikopa za abulu zimafunidwa ku China popangira mankhwala otchedwa ejiao. Malondawa atafika mu Africa ena adaona mwayi wa ndalama zakunja. Koma bulu amatenga pafupifupi chaka chathunthu ali ndi bere ndipo amaswa mwana mmodzi, kotero abulu ankaphedwa mofulumira kuposa mmene ankaswanirana. Umbava udakula, ndipo mabanja odalira bulu potunga madzi ndi kunyamula zokolola adatsala manja ali m'khosi. Botswana idaimitsa kutumiza kunja zikopazi mu 2017, ndipo mu Febuluwale 2024 atsogoleri a bungwe la African Union, pamsonkhano wawo ku Addis Ababa, adagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa mu Africa monse. Mgwirizano wotere umagwira ntchito pokhapokha dziko lililonse litauika m'malamulo ake ndi kuutsata.

6.6 Gawo lanu, aphunzitsi

Mwina mukuti, "Ine sindine nduna kapena dokotala wa ziweto." Zoonadi. Koma m'midzi yambiri mlangizi wa ziweto mmodzi amayang'anira dera lalikulu, pamene mphunzitsi amakumana ndi ana a mabanja makumimakumi tsiku lililonse. Ndondomeko imene yathera pa pepala likulu la dziko ingafike pakhola kudzera m'kalasi mwanu. Nazi njira zimene ndaziona zikugwira ntchito.

Yambani ndi chithunzi kapena kasewero, osati ndi lamulo. Funsani mafunso anayi motsatana: Mukuona chiyani? Kodi zimenezi zimachitika kwathu kuno? Chimachititsa n'chiyani? Tingachitepo chiyani? Musathamangire kupereka yankho. Ana oweta ziweto amadziwa zambiri kuposa ife, ndipo mwana amene amavutika ndi kuwerenga mwina ndiye katswiri wa mbuzi m'kalasimo. Mpatseni mpata awale.

Jambulani kalendala ya ziweto pabwalo ndi timitengo, miyala ndi nyemba. Ophunzira asonyeze miyezi ya chitopa, ya njala ya ng'ombe, ya matope m'khola ndi yolima. Akaiona yonse pamodzi, adzatulukira okha mwezi woyenera katemera ndi mwezi wosunga mapesi.

Itanani mlangizi wa ziweto kapena wotemera nkhuku wa m'mudzi adzayankhule. Ophunzira akonzeretu mafunso. M'phunziro la chiyankhulo, alembe kalata yeniyeni kwa khansala kapena komiti ya chitukuko yofunsa za dipi imene idauma.

Chenjezo liwiri. Loyamba, musachititse manyazi mwana chifukwa cha zimene makolo ake amachita. Bambo wosenzetsa ngolo mopyola muyeso nthawi zambiri akuthamangitsa ndalama ya ufa wa tsiku lomwelo. Lachiwiri, musayambe khola la sukulu musanagwirizane kuti adzadyetsa ndani Loweruka, Lamulungu ndi patchuthi. Pasukulu ina imene ndidayendera, akalulu a kalabu ya zaulimi adafa ndi ludzu patchuthi chifukwa kiyi adapita ndi munthu kumudzi. Ana adaphunzira phunziro losiyana ndi limene lidalembedwa pabolodi.

Ntchito 2

Yenderani makola atatu a m'dera lanu mutapempha chilolezo kwa eni ake. Pa khola lililonse lembani mfundo zimene zikutsatidwa mwa zisanu zija ndi zimene zikusowa. Funsani mwini wake kuti manyowa amapita kuti, ndi kuti adaonana liti ndi mlangizi wa ziweto. Kenako lembani tsamba limodzi loyankha funso ili: mwa lamulo, chithandizo ndi ndalama, ndi fuwa liti limene likusowa kwambiri kwanuko? Tumizani tsambali kwa mphunzitsi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno. Musalembe maina a eni makola.

Chidule

M'mutu uno taona kuti kusamalira chiweto kumatanthauza kuchiteteza ku njala, ludzu, pogona poipa, matenda, kupanikizika ndi nkhanza. Taona kuti chiweto chathanzi chimapatsa munda mphamvu yolimira, manyowa ndi ndalama zogulira zipangizo. Boma limagwira ntchito kudzera m'lamulo, chithandizo ndi ndalama, ndipo mbiri ya madipi ndi ya katemera wa chitopa yatisonyeza zimene zimachitika zitatuzi zikalekana kapena zikagwirizana. Taonanso kuti mfundo zabwino zimatha kuwombana, ndipo pamenepo pamafunika kukambirana ndi eni ziweto. Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. M'mutu wotsatira tikambirana za madambo ndi madzi omwetsa ziweto.

Mayankho a Ntchito 1

Mlimi wa khola lofolera afunika makilogalamu 2,300 a manyowa ouma, pakuti 23 kuchulukitsa ndi 100 ndi 2,300. Wa khola lapamtetete afunika makilogalamu 4,600, kutanthauza maulendo a ngolo owirikiza kawiri kuti apeze chonde chofanana. Funso lomweli mungalipereke kwa ophunzira a makalasi akuluakulu m'phunziro la masamu. Afunseninso kuti maulendo owonjezerawo akoka ndani.